DZUWA, NSOMBA NDI MAFUPA ATHU: MBIRI YA VITAMINI D

Acinyamata anzanga, kodi m'mudzi mwanu kapena m'komboni mwanu mulibe agogo amene anaterereka tsiku lina pocokera kucitsime, nagwa pang'ono cabe, koma kuyambira pamenepo sanaimirirenso? Kugwa kumene mwana wa sukulu akanangodzuka ndi kusansa fumbi, iwo kunawathyola fupa la m'ciuno. Ena a ife timati ndi ukalamba basi. Ena amathamangira kunena kuti pali dzanja la munthu. Koma kawirikawiri cimene cacitika ndi nthenda imene madotolo amaicha osteoporosis, ndiko kunena kuti mafupa okhala ndi timabowo. Fupa lotere lifanana ndi nsici yodyedwa ndi ciswe. Kunja lioneka lolimba, koma mkati linatha kale.

Mwina muli kufunsa kuti, "Nanga nkhani ya okalamba ifunanji patsamba la acinyamata?" Yankho ndi lakuti mafupa amene mudzayendera mukadzafika zaka 70 muli kuwamanga lero lino. Bungwe la International Osteoporosis Foundation linena kuti padziko lonse mkazi mmodzi mwa atatu, ndiponso mwamuna mmodzi mwa asanu, opitirira zaka 50 adzathyoka fupa cifukwa ca nthendayi. Kuti timvetse m'mene tingaipewere, tiyeni tibwerere m'mbuyo zaka zoposa 350, tione m'mene anthu anatulukirira vitamini D. Mbiri yake inayambira pa ana aang'ono a ku Ulaya.

Nthenda ya Angelezi

M'zaka za m'ma 1600 madotolo a ku England anayamba kuona ana ambiri a miyendo ya matewe. Anawo anali kucedwa kukhala, kukwawa ndi kuyenda. Mitu yao inali yaikulu, mfundo za manja ao zinali zotupa, ndipo panthiti panali timibulu tondondozana ngati mikanda. Mu 1645 mnyamata wina wa ku England, Daniel Whistler, analemba za nthendayi pomaliza maphunziro ake a udotolo ku Leiden, m'dziko la Holland. Mu 1650 Francis Glisson, mphunzitsi wa pa yunivesite ya Cambridge, anatulutsa buku lathunthu lofotokoza zizindikiro zake. Dzina la nthendayo linali rickets, koma anthu a m'maiko oyandikana nao anali kungoti "nthenda ya Angelezi."

Glisson anailongosola bwino nthendayo, koma gwero lake silinadziwike. Ena anati ndi ya kumtundu. Ena anati ibwera ndi cinyezi, ena uve, enanso cindoko ca makolo. Ana anapitiriza kupindika miyendo uku akuluakulu ali kutsutsana.

Zinthu zinafika poipa pamene mafakitale anaculuka, kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1700. Anthu anasiya minda yao ndi kukhamukira ku London, Manchester, Glasgow ndi mizinda ina kukafuna nchito. Kumeneko anakhala m'nyumba zazitali zothinana, zolekanitsidwa ndi tinjira topapatiza m'mene dzuwa silinali kufika pansi. Utsi wa malasha wocokera m'mafakitale ndi m'nyumba unaphimba thambo. Ana aang'ono anali kukhala m'nyumba tsiku lonse, ndipo okulirapo anali kulowa m'fakitale kusanace ndi kutuluka kutada. Mu 1909 dotolo wina wa ku Dresden m'dziko la Germany, dzina lake Georg Schmorl, anapima mitembo ya makanda amene anamwalira asanapitirire caka ndi theka. Oposa 90 mwa makanda 100 alionse anali ndi zizindikiro za rickets m'mafupa mwao.

Amene anavutika koposa anali atsikana. Rickets inali kupotoza mafupa a m'ciuno ndi kucepetsa njira yotulukira mwana. Mtsikana wotere akakula ndi kutenga pakati, nthawi zambiri iye ndi mwana yemwe anali kufa pobereka. Mu 1888 dotolo Murdoch Cameron wa ku Glasgow anayamba kubereketsa amayi otere mwa opaleshoni, ndipo anapulumutsa amayi ndi ana omwe. Imeneyi ndi imodzi mwa nchito zimene zinathandiza kuti opaleshoni yobereketsa, imene tiidziwa lero m'zipatala zathu, ikhale yodalirika.

Amene anaona coona koma sanamvedwe

Mu 1822 dotolo wa ku Poland, Jędrzej Śniadecki, anazindikira kuti ana a mumzinda wa Warsaw anali kudwala rickets kwambiri kuposa ana a kumidzi. Iye analangiza makolo kuti azitulutsa ana ao padzuwa. Anzake sanamumvere. Iwo anati, dzuwa loomba pakhungu lingacize bwanji fupa limene lili mkati mwa thupi?

Asodzi a m'mphepete mwa nyanja za kumpoto kwa Ulaya anali ndi mankhwala aoao. Kuyambira kale anali kumwa mafuta ocokera ku ciwindi ca nsomba yochedwa cod. Mu 1824 dotolo wina wa ku Germany analemba kuti mafutawa aciza rickets, ndipo pambuyo pake Armand Trousseau wa ku Paris anaphunzitsa zomwezo. Koma ambiri ophunzira anawayesa mankhwala a anthu osadziwa kanthu, makamaka popeza anali onunkha ndi oipa mkamwa.

Munthu wina woyenera kumukumbukira ndi Theobald Palm, dotolo wa umishonale amene anaphunzira ku Edinburgh ndi kukatumikira ku Niigata, m'dziko la Japan, kwa zaka pafupifupi khumi. Atabwerera kwao ndi kuyamba nchito kumpoto kwa England, anadabwa kuona ana ambiri a matewe, cinthu cimene ku Japan sanali kuciona. Palm analibe cipinda copimira zinthu kapena makina. Cimene anali naco ndi anzake amishonale omwazikana padziko. Anawalembera makalata ku China, ku India ndi kwina, kuwafunsa ngati ana a kumeneko adwala rickets, zimene amadya, ndi m'mene nyengo ilili.

Mayankho anali odabwitsa. Ana a kumaiko amenewo anali osauka kuposa a ku England. Cakudya cao cinali cocepa, madzi ao anali oipa, ndipo matenda ena anali ambiri. Koma rickets inali yosowa. Cinthu cimodzi cimene iwo anali naco coculuka, cimene ana a ku Glasgow ndi London analibe, cinali dzuwa. Mu 1890 Palm anafalitsa zimene anapeza, nalangiza kuti ana azioloka padzuwa ndiponso kuti utsi m'mizinda ucepetsedwe. Tsoka lake, iyi inali nthawi imene asayansi anali atangoyamba kutulukira tizilombo toyambitsa matenda. Robert Koch anali atapeza kacilombo ka cifuwa cacikulu mu 1882, motero aliyense anali kufunafuna kacilombo ka rickets. Mau a Palm anagona m'mabuku zaka pafupifupi 30.

Agalu, nyale ndi ana a ku Vienna

Mu 1912 Casimir Funk anayambitsa liu limene lero timati vitamini. Maganizo ake anali akuti matenda ena sabwera ndi cinthu colowa m'thupi, koma ndi kusowa kwa kanthu kocepa kwambiri m'cakudya. Maganizo amenewa ndiwo anatsegula njira.

Mu 1919 Edward Mellanby wa ku London anaweta tiana ta agalu m'nyumba, natidyetsa phala la oats. Tiagaluto tinadwala rickets. Atatipatsa mafuta a ciwindi ca cod tinacira. Iye anati nthendayi ndi ya cakudya, ndipo anaganiza kuti cociza ndi vitamini A, amene anali atadziwika kale kuti apezeka m'mafutawo.

Caka comweco ku Berlin, kumene ana anali atafooka ndi njala ya nkhondo yoyamba ya dziko lonse, dotolo Kurt Huldschinsky anaika ana odwala rickets pansi pa nyale yapadera yotulutsa ceza ca ultraviolet, ceza cosaoneka ndi maso cimene cipezekanso m'dzuwa. Patapita miyezi yowerengeka, zithunzi za X-ray zinaonetsa kuti mafupa ao ali kulimba. Ndipo anacita cinthu cina canzeru. Anaunika mkono umodzi wokha wa mwana, koma mkono winawo unaciranso. Apa zinaoneka kuti khungu likalandira ceza limapanga kanthu kena kamene kamayenda ndi magazi thupi lonse. Mu 1921 Alfred Hess ndi Lester Unger a ku New York anaciza ana mwa kungowaika padenga la cipatala kuti aombedwe ndi dzuwa.

Tsono panali magulu awiri. Ena anali kuti ndi cakudya, ena anali kuti ndi dzuwa. Amene anathetsa mkanganowu anali gulu la amayi asayansi lotsogozedwa ndi Harriette Chick wa ku Lister Institute ya ku London. Iwo anagwira nchito ku Vienna, m'dziko la Austria, kuyambira 1919 mpaka 1922, pamene mzindawo unali pa njala yoopsa. Mkulu wa cipatala ca ana kumeneko, Clemens von Pirquet, anali kukhulupirira kuti rickets ndi yopatsirana, koma anawalola kuyesa. Anagawa makanda m'magulu ndi kuwayang'anira nyengo ndi nyengo. M'nyengo yozizira, makanda amene anali kulandira mafuta a cod sanadwale, pamene enawo anadwala. M'nyengo yotentha, makanda amene anali kutulutsidwa pakhonde padzuwa sanadwale ngakhale sanalandire mafuta. Magulu onse awiri aja anali kunena zoona. Mankhwala anali amodzi, koma olowera pa makomo awiri, pakamwa ndi pakhungu. Von Pirquet anavomereza.

Dzina linabwera mu 1922. Elmer McCollum wa pa yunivesite ya Johns Hopkins ku Baltimore anatenthetsa mafuta a cod uku ali kupopera mpweya mkati mwake, kufikira vitamini A yense ataonongeka. Mafutawo anacizabe rickets. Motero munali cinthu cina catsopano. Popeza mavitamini A, B ndi C anali ndi maina kale, uyu wacinayi anamucha D. Mu 1924 Harry Steenbock wa ku Wisconsin anaonetsa kuti cakudya cikaunikidwa ndi ceza ca ultraviolet cimakhala ndi mphamvu yociza rickets. Mu 1928 Adolf Windaus wa ku Germany analandira mphoto ya Nobel cifukwa ca nchito yake pa mankhwala a mtundu umenewu. M'zaka za m'ma 1930 makampani a ku America anayamba kuthira vitamini D mumkaka, ndipo ku Britain m'nthawi ya nkhondo yaciwiri boma linagawira ana mafuta a cod. Nthenda imene inazunza Ulaya zaka 300 inatsala pang'ono kutheratu m'mbadwo umodzi.

Agwira bwanji nchito m'thupi?

Pakati pa 1968 ndi 1971 asayansi a ku America ndi ku Britain anapeza njira imene vitamini D amayenda m'thupi. Dzuwa likaomba pakhungu, kanthu kena ka mtundu wa mafuta kamene kali m'khungumo kamasanduka vitamini D. Magazi amapita naye kuciwindi, kumene amasinthidwa koyamba. Kucoka apo amapita ku impso, kumene amasinthidwa kaciwiri. Akatero m'pamene amakhala wokonzeka kugwira nchito yake yaikulu, yomwe ndi kutsegula njira m'matumbo kuti kashiamu wa m'cakudya alowe m'magazi. Popanda vitamini D, matumbo amayamwa magawo 10 kapena 15 okha mwa magawo 100 a kashiamu amene mwadya. Akakhalapo wokwanira amayamwa magawo 30 mpaka 40.

Kashiamu ndiye amalimbitsa fupa, monga m'mene simenti imalimbitsira khoma. Magawo 99 mwa 100 a kashiamu wa m'thupi mwanu ali m'mafupa ndi m'mano. Kotsalako kali m'magazi ndi m'ziwalo zina za thupi, ndipo mtima, minofu ndi mitsempha sizingagwire nchito popanda iko. Cifukwa ca ici thupi silimalola kuti kashiamu wa m'magazi atsike. Akacepa m'cakudya, tiziwalo tinayi tating'ono ta pakhosi timatumiza uthenga wakuti akatapidwe m'mafupa. Munthu samva kupweteka kulikonse pamene izi zili kucitika, ndipo zingapitirire zaka zambiri.

Kucoka kwa ana kufika kwa okalamba

Mbiri ya mafupa a okalamba inayenda njira yakeyake. M'zaka za m'ma 1700 John Hunter, dotolo wa opaleshoni ku London, anadyetsa nkhumba mizu ya comera cina imene imafiiritsa fupa latsopano. Poona mizere yofiira ndi yoyera anazindikira kuti fupa ndi cinthu camoyo, cimene mbali ina cimagumulidwa pamene mbali ina cili kumangidwa. Lero tidziwa kuti mafupa onse 206 a munthu wamkulu amakonzedwanso motere pafupifupi zaka khumi zilizonse. Paubwana omanga amaposa ogumula. Paukalamba ogumula amaposa omanga.

M'zaka za m'ma 1820 Astley Cooper, nayenso wa ku London, anaona kuti mafupa a okalamba ndi opepuka ndipo amathyoka msanga m'ciuno. Posapita nthawi Jean Lobstein wa ku Strasbourg anayamba kugwiritsa nchito dzina lakuti osteoporosis. Koma kwa zaka zina 100 anthu anaiyesabe mbali ya ukalamba yosapeweka. Ca m'ma 1940 Fuller Albright wa ku Boston anaona kuti ambiri mwa odwala ake anali amayi amene analeka kusamba. Anaonetsa kuti mahomoni a cikazi amachinjiriza mafupa, ndipo akatsika fupa limayamba kutha mofulumira. Ici ndico cifukwa cake nthendayi igwira amayi kwambiri, ngakhale abambo nao sapulumuka. Mu 1987 kunabwera makina ochedwa DXA opimira kulimba kwa fupa, ndipo mu 1994 bungwe la World Health Organization linakhazikitsa muyeso wodziwira amene ali ndi osteoporosis.

Tisasokoneze matenda awiriwa. Mu rickets fupa lilipo koma ndi lofewa, ngati khoma lomangidwa ndi simenti yocepa, motero limapindika. Mu osteoporosis fupa lenilenilo ndilo lacepa, ngati khoma limene njerwa zake zacotsedwamo imodziimodzi, motero limathyoka. Malo amene limathyoka kawirikawiri ndi m'ciuno, pamkono pafupi ndi dzanja, ndi pamsana. Mukaona agogo amene afupika msinkhu ndipo msana wao wawerama, nthawi zambiri timafupa ta msanawo tinaphwanyika pang'onopang'ono. Cimene cilumikiza matenda awiriwa ndi kashiamu ndi vitamini D amene amamulowetsa m'thupi.

Kodi tsono mapiritsi a vitamini D angaletse kuthyoka kwa mafupa? Pali kafukufuku muwiri amene ayenera kuwerengedwa pamodzi. Mu 1992 Marie-Claire Chapuy, Pierre Meunier ndi anzao a ku Lyon m'dziko la France anafalitsa zimene anapeza pa amayi okalamba 3,270, a zaka za m'ma 84, okhala m'nyumba zosungiramo okalamba. Theka la iwo analandira kashiamu ndi vitamini D tsiku lililonse kwa miyezi 18. Mwa amene anamaliza kumwa, kuthyoka kwa fupa la m'ciuno kunacepa ndi magawo 43 mwa 100. Koma mu 2022 kafukufuku wina wa ku America wochedwa VITAL, wa anthu oposa 25,000 amene theka lao anamwa vitamini D kwa zaka zisanu, anapeza kuti kuthyoka kwa mafupa sikunacepe konse. Kusiyana kwake kuli apa. Amayi a ku France aja matupi ao anali operewera. Anthu a ku America aja anali athanzi, ambiri a iwo ali naye kale vitamini D wokwanira. Ndowa yodzaza kale ukathiramo madzi ena amangotayika. Ndiponso vitamini D woculukitsa amaononga, cifukwa amakweza kashiamu m'magazi mpaka kupweteka impso. Mapiritsi ndi a munthu amene aperewera, ndipo wonena zimenezi ndi dotolo, osati wogulitsa pamsika kapena pa Facebook.

Nanga kuno ku Africa?

Zambia ili pafupi ndi pakati pa dziko lapansi, ndipo dzuwa lathu ndi lamphamvu kuyambira Januwale mpaka Disembala. Mungaganize kuti nkhani yonseyi siitikhudza. Koma mu 1978 John Pettifor ndi anzake ku South Africa anapeza ana a kumidzi odwala rickets ngakhale anali kusewera padzuwa tsiku lonse. Cakudya cao cinali ca cimanga, copanda mkaka, ndipo kashiamu anali wocepa kwambiri. Mu 1999 Tom Thacher ndi anzake anafalitsa kafukufuku wa ana 123 odwala rickets ku Jos, m'dziko la Nigeria. Ena anapatsidwa vitamini D yekha, ena kashiamu yekha, ena zonse ziwiri. Amene analandira kashiamu anacira bwino kuposa amene analandira vitamini D yekha. Ana a ku Glasgow anali ndi khomo lotseka. Ana a ku Jos khomo linali lotsegula, koma panalibe katundu wolowetsa.

Phunziro limeneli ndi lathu ndithu. Nsima ya ufa woyera imakhutitsa, koma kashiamu ilibe wokwanira. Mwana amene akulira nsima ndi supu yokha, tiyi wopanda mkaka ndi zakumwa zotsekemera, mafupa ake amakhala ndi njala ngakhale mimba ili yodzaza.

Ndiponso dzuwa sitilipeza tonse monga kale. Mu 2020 akatswiri anasonkhanitsa kafukufuku wa m'maiko ambiri a mu Africa, napeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu ali ndi vitamini D wocepa, makamaka a m'mizinda, amayi ndi makanda obadwa kumene. Ganizirani wa nchito ya muofesi kapena m'sitolo ku Lusaka amene akwera minibasi m'mamawa ndi kubwerera kutada, wogwira nchito pansi pa mgodi ku Copperbelt, kapena wodwala amene wagona m'nyumba miyezi. Dzuwa lolowera pagalasi la zenera silipanga vitamini D, cifukwa galasi limachinga ceza cofunikaco. Khungu lakuda limatiteteza ku kupsa ndi dzuwa, koma lifuna nthawi yotalikirapo kuti lipange vitamini D wofanana ndi wa khungu loyera. Khungu la wokalamba nalo limapanga wocepa kuposa la wacinyamata.

Abale athu amene anapita ku Britain kukaphunzira kapena kukagwira nchito ya unesi ayenera kusamala koposa. Kumeneko kuyambira Okotobala mpaka Malichi dzuwa ndi lofooka kwambiri, losatha kupanga vitamini D. Mu 1962 madotolo a ku Glasgow anaonanso rickets mwa ana a mabanja ocokera ku Pakistan, mumzinda womwe uja wa Murdoch Cameron. Mu 2016 a zaumoyo ku Britain analangiza anthu onse kuti aziganizira zomwa mamaikulogalamu 10 a vitamini D tsiku lililonse m'nyengo yozizira, ndipo a khungu lakuda caka conse. Mukawalembera uthenga abale anu, akumbutseni.

Nkhokwe yanu ikali kudzazidwa

Akuluakulu amati nkhuyu zodya mwana zinapota wamkulu. Pankhani ya mafupa, mwanayo ndi wamkuluyo ndi munthu mmodzi, ndiye inu. Pofika zaka 18 mpaka 20 munthu amakhala atamanga pafupifupi magawo 90 mwa 100 a fupa lake lonse, ndipo kumangaku kumatha asanakwane zaka 30. Kucoka apo amangodya zimene anasunga. Amene anadzaza nkhokwe yake afika nayo patali. Amene anaikamo theka, njala imupeza msanga.

Wacinyamata afunika mamiligalamu 1,300 a kashiamu patsiku, wamkulu 1,000. Kapu imodzi ya mkaka ili ndi pafupifupi 300, ndipo mkaka wowawasa uja anzathu a kumwera amati mabisi uli naye cimodzimodzi. Koma mkaka si aliyense angaukwanitse. Mwayi wathu ndi kapenta. Kansomba aka, kamene kanatengedwa ku nyanja ya Tanganyika ndi kukaikidwa mu Kariba mu 1967 ndi 1968, timakadya ndi mafupa omwe, ndipo m'mafupamo ndi m'mene muli kashiamu. Musakanyoze kuti ndi ndiwo za kumapeto kwa mwezi. Phala la mawere lili ndi kashiamu woculuka kuposa la cimanga. Repu, cibwabwa, bonongwe, cigwada, nyemba, soya, citowe ndi malambe nazo zimaonjezera. Vitamini D wa m'cakudya apezeka mu nsomba za mafuta monga sadini ya m'zitini, m'mbali yacikasu ya dzira ndi m'ciwindi, koma gwero lalikulu ndi dzuwa loomba pankhope, m'manja ndi m'miyendo. Amene alima kapena kuyenda pansi popita kusukulu alipeza kale. Amene akhala m'nyumba tsiku lonse azitulukako masana. Abale athu a khungu la cialubino okha asatsate langizo limeneli, cifukwa dzuwa limawayambitsa khansa ya pakhungu. Iwo apitirize kuvala zipewa ndi malaya a manja aatali, ndipo za vitamini D akambirane ndi a kucipatala.

Fupa limalimba likamanyamula thupi. Mpira, netiboli, kudumpha cingwe, kuvina, kulima ndi kusinja, zonsezi zimauza fupa kuti lionjezere mphamvu. Kukhala pansi tsiku lonse ndi foni m'manja kumaliuza zosiyana. Fodya ndi mowa wambiri zimalifooketsa. Atsikana, kudzimana cakudya kuti muonde mpaka kusamba kuleke kumadya mafupa pa zaka zimene ayenera kukula. Mankhwala ena, monga prednisolone womwedwa nthawi yaitali ndi tenofovir amene apezeka m'ma ARV ena, amacepetsako fupa. Amene muli pa mankhwala otere musaleke kumwa, pakuti ndiwo asunga moyo wanu. Funsani dotolo kapena nesi m'mene mungachinjirizire mafupa anu pamene muli kuwamwa.

Kwa agogo amene nkhokwe yao inacepa kale, cacikulu ndi cakuti asagwe. Apa gulu lanu lingathandize. Salazani njira yopita kucimbudzi, konzani sitepe yogumuka, apezereni ndodo yolimba ndi toci ya usiku, atulutseni akhale pakhonde padzuwa, ndipo pakakhala kapenta musawaiwale. Akagwa ndi kulephera kuponda, fulumirani nao kucipatala. Pa 20 Okotobala caka ciliconse ndi tsiku lokumbukira osteoporosis padziko lonse, ndipo mungalisankhe kukhala tsiku loyendera okalamba a m'dera lanu.

Mafunso okambirana m'gulu

1. N'cifukwa ciani mau a Śniadecki, a Palm ndi a asodzi aja sanamvedwe msanga? Kodi lero ndi anthu otani amene sitimawamvera ngakhale anena zoona?

2. Aliyense achule zimene anadya dzulo. Ndi ziti mwa izo zinali ndi kashiamu? Ndi ndalama zomwezo, mukanagula ciani?

3. M'dera lanu wokalamba akathyoka fupa kapena akawerama msana, anthu amati ciani? Mungawafotokozere bwanji zimene mwawerenga pano?

4. Ndani pakati pa abale ndi anansi anu amene sapeza dzuwa lokwanira? Gulu lanu licitapo ciani mwezi uno?